Msampha wa ku Imphal: mmene Manipur anatayira ufumu wake mu 1891

Chaka chilichonse pa 13 Ogasiti anthu a ku Imphal, likulu la Manipur kumpoto chakum'mawa kwa India, amasonkhana kukumbukira amuna awiri amene ananyongedwa tsiku ngati limeneli mu 1891: kalonga Tikendrajit ndi nkhalamba Thangal, mkulu wa asilikali. Mwambowu ukuchitika masiku ano mitima ili yosweka, chifukwa kuyambira pa 3 Meyi 2023 Ameitei a m'chigwa ndi Akuki a m'mapiri akhala akuphana, ndipo anthu pafupifupi 60,000 anathawa m'nyumba zawo. Mpake kubwerera ku chaka chimenecho.

Manipur kanali kadziko kakang'ono pakati pa Assam, chigawo cha India chimene chinali m'manja mwa Angelezi, ndi Burma (Myanmar wa lero), kokhala ndi mfumu yakeyake. Angelezi anali ndi nthumwi imodzi mu Imphal, basi. Mfumu Chandrakirti itamwalira mu 1886, ana ake anayamba kulimbirana mpando. Mu Seputembala 1890 Surchandra, mwana amene analowa m'malo mwa bambo ake, anachotsedwa, m'bale wake Kulachandra nkulowa ufumu, koma aliyense ankadziwa kuti mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa m'bale wawo Tikendrajit. Surchandra anakadandaula ku Calcutta, likulu la boma la Angelezi ku India nthawi imeneyo.

Boma la Lord Lansdowne, bwanamkubwa wa India, linagamula motere: Kulachandra akhale mfumu, koma Tikendrajit achotsedwe m'dzikomo. Pa 22 Malichi 1891 James Quinton, mkulu wa boma ku Assam, anafika ndi asilikali 400 Achigurkha (ochokera ku Nepal). Anaitanitsa msonkhano waulemu wa mfumu ndi akalonga, cholinga chili choti Tikendrajit akangokhala pansi agwidwe. Apa ndi pamene zonse zinakhotera. Kuitana munthu ngati mlendo uli ndi chingwe kumbuyo, nkovuta kukutcha chilungamo, ndipo ngakhale ku nyumba ya malamulo ku London ena anadzudzula poyera.

Tikendrajit ananunkhiza msamphawo, nati akudwala. Mbandakucha wa pa 24 Malichi asilikali a Quinton anathira nkhondo nyumba yake mkati mwa Kangla, linga lachifumu. Anthu anafa mbali zonse. Pofika madzulo Amanipur anali akuwomba mizinga pa nyumba ya nthumwi ija, ndipo Angelezi anapempha kukambirana. Asanu analowa m'lingamo: Quinton, akuluakulu anzake Skene, Cossins ndi Simpson, komanso nthumwi Frank Grimwood. Zokambirana sizinaphule kanthu. Potuluka, khamu laukali linawazinga, munthu wina nkulasa Grimwood ndi mkondo. Anayi otsalawo anadulidwa mitu usiku womwewo patsogolo pa zifanizo ziwiri za zilombo zimene zinkalondera khomo la nyumba yachifumu.

Analamula ndani? Mboni zambiri zimaloza Thangal. Tikendrajit anakana mpaka mapeto kuti sanapereke lamulolo. Ethel Grimwood, mkazi wa nthumwi uja, amene anathawa wapansi kudutsa m'mapiri kulowera ku Cachar, analemba buku chaka chomwecho, ndipo ngakhale anali wamasiye wa tsiku limenelo, amaonetsa kuti Tikendrajit anali bwenzi la mwamuna wake. Umboni wakewo ine ndimaupatsa kulemera, pokumbukira kuti sanali m'lingamo nthawi imene amunawo ankaphedwa.

Kubwezera sikunachedwe. Magulu atatu a nkhondo a Angelezi anabwera kuchokera ku Kohima, Silchar ndi Tamu. Pa Khongjom, Paona Brajabasi, mtsogoleri wa asilikali a Manipur, ndi anthu ake anafera pomwepo. Manipur amakumbukira nkhondoyo pa 23 Epulo, pamene zolemba za Angelezi zimati pa 25. Pa 27 Epulo mbendera ya Britain inakwezedwa pa Kangla.

Mlandu wa Tikendrajit unali wakuti anaukira Mfumukazi ya Britain. Loya Manomohan Ghose anatsutsa polemba kuti munthu sangaukire mfumu imene si yake, popeza Manipur anali ndi ufumu wakewake. Mfumukazi Victoria nayenso sanakondwe ndi zoti kalongayo anyongedwe. Ananyongedwabe, pabwalo la masewera a polo, anthu ambirimbiri akuona. Kulachandra anatumizidwa ku zilumba za Andaman, zifanizo zija zinaphwasulidwa, ndipo pampando anaikapo kamnyamata ka zaka zisanu, Churachand, ndi msonkho wa marupi 50,000 pachaka.

Zotsatira zake ndizidutsa mwachangu. Amayi anaukira mu 1904 pokana thangata ya amuna awo, naukiranso mu 1939 chifukwa mpunga unkagulitsidwa kunja anthu akugona ndi njala. Akuki anamenyana ndi Angelezi kuyambira 1917 mpaka 1919. Chimene chikupwetekabe ndi ichi: Churachand atakula nkupatsidwa ulamuliro mu 1907, nkhani za m'mapiri zinasiyidwa m'manja mwa mzungu, mfumu nkumaona za m'chigwa. Kunena kuti udani wa lero unabadwira pamenepo pokha kungakhale kukokomeza, pakuti pali nkhani za malo, za ntchito za boma ndi za malire a Myanmar. Komabe malire a chigwa ndi mapiri anakhwimira m'maofesi a nthawi imeneyo.

Mfumu Bodhchandra anasaina ku Shillong pa 21 Seputembala 1949 kuti Manipur alowe mu India, ndipo ambiri kumeneko amati anachita kumukakamiza. Kangla anakhalabe msasa wa asilikali a boma la India otchedwa Assam Rifles mpaka pa 20 Novembala 2004, pamene anabwezedwa kwa anthu a ku Manipur.