Mbiri ya pakamwa si miseche ya m'tauni

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zoti zimene anthu a mumzinda amasimba za kale lawo ndi nthano chabe, ati mbiri yeniyeni ndi yolembedwa yokha. Maganizo amenewa afika potopetsa, ndipo si oona.

Mabuku a boma amasunga dzina la mwini malo ndi wolipira msonkho. Wochita lendi, wogulitsa pamsika, wantchito wa m'nyumba ndi wobwera kuchokera kutali nthawi zambiri sapezekamo, chonsecho ndiwo anadzaza mzindawo. Komanso mabukuwo analemba ndi munthu, ndipo munthu amalakwitsa, pena amakondera.

N'zoona kuti kukumbukira kumasokonekera, makamaka pa zaka ndi manambala. Munthu amatha kuphatikiza zochitika ziwiri n'kukhala chimodzi, kapena kusimba zongomva ngati anaziona yekha. Koma njira yotsimikizira ilipo. Funsani anthu atatu kapena anayi, aliyense payekha, chifukwa pagulu onse amangotsatira wolankhula kwambiri. Akhale osiyana mtundu, chipembedzo ndi ntchito, amuna ndi akazi omwe. Afunseni kuti, "Munalipo, kapena anakuuzani ndani?" Akaiwala chaka musawaumirize, funsani ngati mwana wawo woyamba anali atabadwa, muwerengere nokha. Pewani funso longa "Nyumbazi anagwetsa mokakamiza, eti?" poti lawapatsiratu yankho. Jambulani mawu akavomera, kenako yerekezani ndi mapu akale, zithunzi, malisiti a lendi ndi nyuzipepala za nthawiyo.

Nkhani imene mwaimva kwa munthu mmodzi yekha musaifalitse ngati yotsimikizika musanaiyerekeze ndi umboni wina.