Mkono ukuwawa pa ma trials a baseball? Osaubisa ayi

Uthengawu ndi wa achinyamata amene akuyesa mwayi wolowa timu ya baseball ndi makolo awo, makamaka inu muli ku America komwe masukulu ambiri a sekondale amachita ma trials chakumapeto kwa February kapena mu March kunja kukadazizira. Ku Joni nakonso masewerowa alipo, paja Gift Ngoepe anachokera komweko mpaka kukasewera ku Pittsburgh Pirates, timu ya mu ligi yaikulu ya ku America, mu 2017.

Nkhani imayamba chonchi, mwana wakhala miyezi yonse yozizira osagwira mpira, ndiye tsiku la trials likafika akufuna kochi amuone, basi amangoponya ndi mphamvu zake zonse mkono usanazolowere. Mawa lake phewa kapena chigongono chayamba kuwawa koma sanena, akuopa kuti amusiya.

Kuwawa sikofanana. Minofu ikangophwanyika kumbuyo kwa phewa kapena mkono wonse ukulemera, n'kumachepa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, zimenezo zimachitika kwa aliyense woponya. Koma ululu wobaya pamalo amodzi oti mwana angaloze ndi chala, makamaka mkati mwa chigongono mbali yoyang'ana thupi, kapena pamwamba pa mkono pafupi ndi phewa, umenewo ndi wina. Onjezani kutupa, kulephera kuwongola mkono, dzanzi m'chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho, kapena kumva kuti thu! mkati poponya, apo asiye kuponya tsiku lomwelo ndipo mupite naye kuchipatala.

Chifukwa chake n'chakuti mwana amene akukulabe mafupa ake kunsonga amakhala asanakhwime, pali kachigawo kofewa komwe fupa limakulira, ndiye kuponya mobwerezabwereza kumakoka pomwepo mpaka kutupa kapena kung'aluka. Madokotala a ku America amazitchula Little League elbow (ya chigongono) ndi Little League shoulder (ya phewa). Ya chigongono nthawi zambiri imafuna masabata 4 mpaka 6 osaponya, ya phewa imatha kufika miyezi itatu. Kwa akuluakulu omwe mafupa anakhwima kale chimene chimaduka ndi kamtsempha kolumikiza mafupa mkati mwa chigongono kotchedwa UCL. Opaleshoni yake ndi ija amati Tommy John, dzina la woponya wa timu ya Los Angeles Dodgers amene Dr Frank Jobe anamuchita koyamba mu 1974, ndipo kuti munthu abwererenso mu gemu pamatenga chaka kapena chaka ndi theka. Ena amanama kuti opaleshoniyi imawonjezera sipidi ya mpira, bodza lenileni limenelo, musalole mwana azilimvera.

Chimene ine chimandinyansa kwambiri ndi ichi chomwetsa mwana ibuprofen m'mawa wa trials kuti asamve kuwawa. Mankhwalawo angogonetsa ululu koma chovulalacho chili pompo, ndipo mwanayo aponya mopitirira chifukwa palibe chomuchenjeza. Akamaliza kuponya mutha kuika ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 kapena 20, osati pakhungu penipeni, koma ayisi sachiza mtsempha woduka.

Za kuchuluka kwa mipira, MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, ndi bungwe la USA Baseball anatulutsa malangizo otchedwa Pitch Smart mu 2014. Pitcher, amene amaponya mpira kwa womenya mu gemu, wa zaka 9 mpaka 10 asapose mipira 75 patsiku, wa 11 mpaka 12 ndi 85, wa 13 mpaka 16 ndi 95, wa 17 ndi 18 ndi 105. Wa zaka 14 kutsika m'munsi akaponya mipira 66 kapena kuposa apume masiku anayi asanaponyenso mu gemu. Pachaka akhale miyezi inayi osachita pitching. Vuto ndi ana osewera matimu awiri nthawi imodzi, kochi uyu sadziwa zomwe waponya kwa kochi winayo, ndiye kuwerenga kumeneko ndi ntchito yanu makolo, lembani mufoni.

Ngati trials ikadali kutsogolo, mwana ayambe kuponya pang'onopang'ono masabata angapo isanafike, pamtunda waufupi kaye kenako kumatalikira, ndipo tsikulo athamange ndi kutenthetsa thupi asanagwire mpira, osati kutenthetsa thupi ndi kuponyako. Ngati ululu wayamba kale, auze kochi pamasom'pamaso trials isanayambe. Masukulu ambiri ku America ali ndi athletic trainer woona zovulala, apite akamuone, ndipo mutha kupempha kuti mwana ayesedwe kaye kuthamanga ndi kumenya ngati sizikumuwawa, za kuponya kochi adzamuone dokotala akavomera.