Boti likamakagona miyezi yozizira, sakani madzi obisala

Kuno ku Ontario, m'dziko la Canada, Okutobala akangolowa ife okonza maboti sitipuma. Ngalande ya Trent-Severn, njira ya maboti yodutsa pa nyanja ya Simcoe, imatsekedwa chapakati pa mweziwu, ndiye aliyense amafuna boti lake likwere pamtunda nyanjayi isanaundane. Kuundana kwake si kwamasewera. Pofika Febuluwale anthu amayenda pamwamba pa nyanjayi, kuboola ayezi n'kumawedza pabowopo. Boti limakhala chogona mpaka Meyi.

Eni maboti ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kungofunditsa lona basi. Ayi ndithu. Chimene chimapha boti ndi madzi otsalira m'malo amene maso safika. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo chitsulo sichiwapatsa malo. Injini ya m'kati mwa boti imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo, choncho mukaizimitsa, madziwo amakhalira m'timisewu take. Usiku umodzi wozizira kwambiri ndi wokwanira. Ndinaonapo injini yong'ambika m'mbali ngati mphika wogwa pamafuwa, mng'alu wake wotalika ngati chikhatho, dzimbiri likuchucha. Mwini wake anali atamasula zitsekerero zonse zokhetsera madzi, koma kabowo kamodzi kanali katatsekeka ndi matope. Ndi chifukwa chake ine ndimatokosa bowo lililonse ndi kawaya mpaka madzi atuluke, kenako n'kulowetsamo antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana) wofiirira wa propylene glycol. Wa m'galimoto uja musamuyerekeze, ndi poizoni, ndipo boti likadzabwerera m'madzi amakathera m'nyanja.

Injini zopachika kumbuyo, monga ma Yamaha amene asodzi a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay amawadziwa bwino, n'zosavutirapo. Mukaiimika chilili, propela ali pansi, madzi amatsika okha. Kuisiya chopendekera ndiko kulakwa. Koma musaiwale oyilo wa m'magiya pafupi ndi propela. Masulani kabawuti kapansi muone mtundu wake: akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi ulusi wa mbedza umene wakulungana kuseri kwa propela n'kudula labala wotchinga. Oyilo wa mu injini nayenso amasinthidwa boti lisanagone, osati likadzuka, chifukwa wakale amakhala ndi asidi amene amadya zitsulo mwakachetechete.

Nkhani ya petulo ndi imene ndimakangana nayo ndi makasitomala. Petulo wosakaniza ndi ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo akakhalitsa, madzi ndi ethanol zimakhazikika pansi pa thanki, pamene payipi imayamwira. Apa ndi akumudzi omwe zikuwakhudza, poti ku Malawi petulo anayamba kusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982. Injini yongokhala miyezi ingapo kumudzi ikakana kulira, yambani mwayang'ana kabuleta musanatukwane amene anakugulitsani. Ena amati thanki ikhale yopanda kanthu. Ine ndimakonda kuidzadza kutsala pang'ono, kuthiramo mankhwala osungira petulo, n'kuliza injini mphindi 10 kuti mankhwalawo afike paliponse. Thanki yodzadza ilibe malo a mpweya wonyowa.

Batire lichotseni, mulitchaje, mulisunge pouma. Lodzadza moto limapirira kuzizira koopsa, pamene lakutha limaundana msanga n'kusweka.

Pomaliza ndiye timafunditsa. Kutsogolo kwa boti kukwere pang'ono, chitsekerero cha pansi kumbuyo chichotsedwe kuti madzi alionse olowa apeze njira. Ine ndimachimangirira pachiwongolero, poti chaka chilichonse pamapezeka wina woponya boti m'madzi ataiwala kutseka. Lona kapena pulasitiki akhale ndi msana wosongoka kuti chipale chofewa chizitsetsereka, komanso timabowo topumira. Mukamata ponseponse, mudzapeza mipando itachita nkhungu yakuda, fungo lake losatha ndi sopo. Ndipo musasiyemo chakudya ngakhale kabisiketi kamodzi. Mbewa zimalowa kuthawa chisanu, ndipo zikamaliza bisiketiyo zimayamba mawaya.