Suti, zikopa ndi piyano m'zithunzi za oimba akale

Njira ya Louis Daguerre yojambulira zithunzi idalengezedwa ku Paris mu 1839, koma makina a Thomas Edison osunga mawu n'kuwabwezanso adadza mu 1877. Kwa zaka zonsezo anthu akutali ankatha kuona nkhope ya woimba popanda kumva mawu ake. Komanso kamera inkafuna munthu akhale duu kwa kanthawi, nthawi zina mutu utatsamira kachitsulo kobisika kumbuyo. N'chifukwa chake chovala, mpando ngakhalenso poika dzanja zinkasankhidwa mwadala.

Taonani chithunzi cha Robert Schumann ndi mkazi wake Clara, akatswiri a nyimbo a ku Germany, chojambulidwa ku Hamburg mu 1850. Clara wakhala pa piyano, mwamuna wake waima pambali, dzanja lili pachibwano ngati munthu wozama m'maganizo. Uthenga wake ngwakuti bambo amapeka, mayi amaimba. Chonsecho Clara naye ankapeka nyimbo.

Kwa oimba akuda nkhaniyi inali yolemera kwambiri. Gulu la Fisk Jubilee Singers lidayamba ku Nashville, ku America, mu 1871, ndipo ambiri mwa oimbawo adabadwira mu ukapolo. Masiku amenewo azungu ankadzipaka zakuda kumaso n'kumaseketsa anthu ponyoza akuda. Oimba a Fisk adajambulitsa atavala masuti ndi madiresi aatali a kolala yofika m'khosi, atawongola msana, osaseka n'komwe. Kumeneku kunali kuyankha chipongwe chija.

Zomwe zimandikhudza koposa ndi za African Choir, kwaya ya ku South Africa yomwe idafika ku Britain mu 1891 kukafuna ndalama zomangira sukulu ya ntchito zamanja. Anali Akhristu ophunzira ku mishoni, ndipo adaimbira Mfumukazi Victoria ku Osborne House. Poimba ankaoneka pawiri: chigawo china atavala zikopa, mabulangete ndi mikanda, china atavala zachingelezi. M'zithunzi zomwe London Stereoscopic Company idawajambula, mikanda ndi zikopazo zili mbee. Funso lofunika apa n'lakuti adasankha zovalazo ndani. Ogula matikiti ankafuna kuona Africa wa m'maganizo mwawo, ndiye tisamafulumire kunena kuti umu ndimo anthuwa ankavalira kwawo.

Koma musathere pa zovala, yang'anani maso. Eleanor Xiniwe ndi Charlotte Manye, oimba a m'kwayamo, akuoneka odekha, odziwa chomwe adadzera, opanda manyazi. Pali chinanso chosangalatsa: anyamata awiri a m'kwayamo, Albert Jonas ndi John Xiniwe, wina ali kuseri kwa kamera yaikulu, mnzake wakhala ngati wodzajambulitsa.

Magalasi omwe zithunzizi zidajambulidwapo adapezeka m'nkhokwe ya zithunzi ya Hulton Archive, ndipo zithunzizo zidaonetsedwa ku London mu 2014, patapita zaka zoposa 120 chijambulidwire. Charlotte uja, yemwe adadzadziwika kuti Charlotte Maxeke, adakaphunzira ku Wilberforce University ku Ohio, nabwerera kwawo kukamenyera ufulu wa amayi. Chipatala chachikulu cha ku Johannesburg chimatchedwa dzina lake.