Chimene chimakwiyitsa oonera James Bond akagwira botolo la Heineken

M'chaka cha 2012, filimu ya Skyfall isanatuluke n'komwe, anthu okonda James Bond anali atayamba kale kulalata. Kunamveka kuti kazitape wa ku Britain uja, yemwe aliyense amamudziwa ndi chakumwa choledzeretsa cha martini, aoneka akumwa mowa wa Heineken. Nyuzipepala zinalemba kuti mgwirizano ndi kampani ya ku Netherlands imeneyi unali wa madola pafupifupi 45 miliyoni. Ambiri anati Bond wagulitsidwa. Daniel Craig, yemwe ankasewera ngati Bond, sanapite m'mbali: anati mafilimu amenewa amadya ndalama zochuluka, ndipo popanda makampani otere sangatheke. Filimu itatuluka, botolo lija linangooneka kamphindi, Bond anamwabe martini wake ku Macau, ndipo phokoso linazilala.

Ine ntchito yanga ndi yojambula mauthenga otsatsa malonda, choncho mikangano yotereyi ndimaitsatira mwachidwi. Chimene ndaona n'chakuti oonera ambiri sadana ndi kuona dzina la kampani. Amakwiya nkhani ikaima kuti malonda adutse.

Tiyambe ndi mmene ndalama zimayendera, chifukwa ambiri amaganiza kuti kampani imangopereka cheke kwa opanga filimu basi. Nthawi zina zimatero. Koma kawirikawiri kampani imapereka katundu, monga magalimoto oti awombanitsidwe pojambula, kapena imalonjeza kuti mauthenga ake otsatsa malonda pa wailesi yakanema ndi pa zikwangwani m'maiko ambiri adzakhala ndi nkhope ya Bond ndi tsiku lotulukira filimu. Kwa opanga filimu zimenezi n'zazikulu, chifukwa kulengeza filimu padziko lonse kumadya ndalama zoopsa. Kampani ikalonjeza zonsezo, imafunanso kuti katundu wake aoneke bwino, ndipo apa m'pamene pamayambira kukokanakokana.

Filimu ya kazitape woyenda pamsewu ndi munda wachonde kwa otsatsa malonda. Munthu akuchoka ku London, akudutsa malire a maiko, akufika ku Switzerland kapena ku Italy. Afunika galimoto, ndipo galimotoyo ikhala pamaso pathu nthawi yaitali. Afunika wotchi, foni, ndege, hotela, suti. Chilichonse mwa izi chili ndi mwini wake amene akufuna chioneke.

Mu Goldfinger ya 1964, Bond akutsatira Rolls-Royce ya mdani wake m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri a Furka ku Switzerland, ali mu Aston Martin DB5. Uku kunali kutsatsa malonda ndithu, ndipo chaka chotsatira kampani ya Corgi inagulitsa tizidole ta galimotoyi tambirimbiri. Koma simudzamva woonera akudandaula za DB5. Galimotoyo imagwira ntchito m'nkhani: ili ndi chipangizo cholondolera mdani, imang'amba matayala a galimoto ina, ndipo mpando wake umaponya munthu kunja kudzera padenga. Ikachotsedwa, nkhani yagwa. N'chifukwa chake itatulukiranso mu Skyfall, Bond akuthawitsa bwana wake M kuchoka ku London kupita ku Scotland, anthu anaikondwerera ngati m'bale wobwera kuchokera kutali.

Yerekezani ndi GoldenEye ya 1995. BMW inali itapangana ndi opanga Bond kuti magalimoto ake aoneke m'mafilimu atatu. Q, mkulu wa zipangizo, akumuonetsa Bond galimoto yatsopano ya Z3 n'kumufotokozera za mizinga yobisika kuseri kwa nyali. Woonera aliyense amadziwa kuti chida chikatchulidwa chotero chidzalira kutsogoloku. Koma ayi. Bond anangoiyendetsa pang'ono, n'kusinthana ndi mnzake wa ku America amene anamubweretsera ndege. Mizinga ija sinalire. Anthu anatuluka akudziwa kuti galimotoyo inabwera kudzaonetsedwa, ndipo ena a ku Britain anawonjezera dandaulo lakuti kazitape wawo akuyenderanji galimoto ya ku Germany.

Chodabwitsa n'chakuti filimu yotsatira, Tomorrow Never Dies ya 1997, inadzaza malonda kuposa pamenepo, koma chigawo chake cha galimoto anthu amachikonda mpaka lero. M'nyumba yoimikamo magalimoto ku Hamburg, Bond wagona pampando wakumbuyo wa BMW 750iL, akuiyendetsa ndi foni ya Ericsson, adani akumuwombera mbali zonse. Pomaliza galimoto ikuuluka kuchoka padenga n'kukagwera pa ofesi ya Avis, kampani yobwereketsa magalimoto komwe anaitenga. Makampani atatu m'chigawo chimodzi. Komabe chala cha Bond chikatsetsereka pafoni, galimoto imakhota, ndipo moyo wake uli pamenepo. Maso a woonera ali pa ngozi, dzina la kampani likungodutsa nawo.

Chigawo chimene chimandiwawa kwambiri chili mu Casino Royale ya 2006, chifukwa ndi chimodzi mwa zigawo zolembedwa bwino kwambiri m'mafilimu onse a Bond. Ali m'sitima yapamtunda yopita ku Montenegro, Bond wakhala moyang'anizana ndi Vesper Lynd, mayi wochokera ku nthambi ya zachuma ya boma. Awiriwa akupimana nzeru. Aliyense akuyang'ana zovala ndi kalankhulidwe ka mnzake n'kumamuuza mbiri yake, mpaka kufika pa nkhani ya umasiye. Woonera watchera khutu. Kenaka mayiyo akuyang'ana padzanja la Bond n'kufunsa ngati wotchiyo ndi Rolex. Bond akuyankha kuti ndi Omega, mayiyo n'kuiyamikira. Mawuwo ndi ochepa, koma amakuchotsa m'sitima muja. Zili ngati mlendo amene akukusimbira nkhani yogwira mtima, itafika pokoma n'kutulutsa chitenje m'chikwama kuti ugule. Mpaka lero anthu akamatchula malonda oonekera m'mafilimu, chigawo chimenechi sichisowa.

Amene timajambula malonda timazindikira msanga chithunzi chojambulidwira kampani. Botolo limatembenuzidwa kuti dzina liyang'ane kamera. Dzanja limagwira m'munsi kuti lisaphimbe zilembo. Galimoto yayenda mtunda wautali koma ilibe fumbi, ndipo kamera imachedwa pa chizindikiro cha kutsogolo kamphindi kena nkhani itapita kale. Oonera sangafotokoze zimenezi m'mawu athu a ntchito, koma diso lawo limaona. Die Another Day ya 2002 inali ndi makampani ambiri moti atolankhani anaipatsa dzina lachipongwe lakuti Buy Another Day, kutanthauza kuti gula tsiku lina. Nthawi imeneyo Ford ndiyo inali mwini wa Aston Martin ndi Jaguar, choncho Bond ndi mdani wake akuthamangitsana pamadzi oundana ku Iceland, magalimoto onse awiri anali a khola limodzi.

Sindigwirizana ndi amene amafuna kuti mayina a makampani achotsedweretu. Ian Fleming, mlembi wa mabuku a Bond, ankatchula yekha galimoto ya Bentley ndi wotchi ya Rolex pofuna kuonetsa kuti munthuyu ndi wotani. Kazitape woyenda m'misewu ya ku Ulaya atakwera galimoto yopanda dzina, akumwa m'botolo lopanda chizindikiro, nazonso zimaoneka zabodza.

Nkhawa yanga ili pa mphamvu imene wolipira amakhala nayo pa nkhani. Wotsogolera mafilimu Rian Johnson anaulula mu 2020 kuti Apple salola kuti munthu woipa m'filimu aoneke akugwiritsa ntchito iPhone. Taganizirani tanthauzo lake pa filimu ya akazitape, imene kukoma kwake konse ndi kusadziwa amene ali wachinyengo: woonera wochenjera angoyang'ana foni. British Airways nayo, poonetsa Casino Royale m'ndege zake, inadula kachigawo kamene Richard Branson, mwini wa Virgin Atlantic, kampani ya ndege yopikisana nayo, amaonekera pa bwalo la ndege. Ndipo malonda ena si a wotchi chabe. Mu Licence to Kill ya 1989 munaoneka paketi ya fodya wa Lark atalipira a kampani ya fodya ya Philip Morris, ndipo nkhaniyi inautsa mkangano moti kumapeto kwa filimuyo kunaikidwa chenjezo la kuipa kwa fodya.

Pa wailesi yakanema ku Britain malamulo alipo. Kuyambira mu February 2011, bungwe la Ofcom, loyang'anira nyumba zoulutsira mawu, limalola malonda otere m'mapulogalamu opangidwira wailesi zakanema za kumeneko, koma chilembo cha P chimayenera kuoneka poyamba, pomaliza ndi pobwerera kuchokera ku mauthenga a malonda, ndipo mowa, fodya ndi juga n'zoletsedwa. Filimu ya m'nyumba zoonetsera kanema ilibe chilembo chotero. Amene akufuna kudziwa makampani amene anaikapo dzanja ayenera kudikira mpaka mayina onse a ojambula, osoka zovala ndi oyendetsa magalimoto atadutsa, chifukwa mndandanda wawo umabwera kumapeto kwenikweni, m'zilembo zing'onozing'ono.