Ntchito yofufuza zochitika pamwamba pa chitsulo

Mwana akasankhidwa kukaphunzira physics ku Chirunga, makolo ambiri kuno ku Zomba amafunsa kuti akamaliza adzagwira chiyani kupatula choko. Pali nthambi ina yomwe ndimalakalaka ophunzira athu ataiganizira: kufufuza zomwe zimachitika pamwamba penipeni pa chinthu cholimba, m'kakhungu kopyapyala ka maatomu ochepa chabe.

Dzimbiri siliyambira mkati mwa lata. Limayamba pomwe chitsulo chakumana ndi mpweya ndi chinyezi. N'chifukwa chake malata amawakuta ndi zinki, kuti zinkiyo adyeke poyamba, chitsulo chitsale.

Koma nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya feteleza. Urea yemwe alimi a ku Jali ndi ku Thondwe amathira m'chimanga amapangidwa kuchokera ku ammonia. Kuti ammonia apezeke, nitrogen wa mumpweya ayenera kugwirizana ndi hydrogen, ndipotu nitrogen ndi wamakani, maatomu ake awiri salolera kusiyana. Amalekana akakakamira pamwamba pa chitsulo chotentha. Njira yopangira ammonia imeneyi, yotchedwa Haber-Bosch, inayamba kugwira ntchito m'fakitale mu 1913, koma amene anadzafotokoza bwino zochitika pachitsulopo, sitepe ndi sitepe, ndi Gerhard Ertl wa ku Germany, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2007. Ndipo mu 1981, ku Zurich m'dziko la Switzerland, Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer anapanga makina otheketsa kuona atomu imodziimodzi pamwamba pa chinthu cholimba.

Ulendo wophunzira ntchitoyi ndi wautali, sindibisa. Digiri yoyamba imatenga zaka zinayi, kenako masters, kenako PhD, ndipo masamu sungawazembe. Makina ambiri a ntchitoyi amafuna kabokosi kopopedwa mpweya pafupifupi wonse, popeza pamwamba poyera pamadetsedwa m'kanthawi kochepa, komanso magetsi osathimathima. Motero wophunzira amafunika kukagwirako ntchito kunja, monga ku South Africa, kapena kupeza mwayi ku ICTP ku Trieste m'dziko la Italy, malo ofufuzira za physics omwe wasayansi wa ku Pakistan Abdus Salam anakhazikitsa mu 1964 pofuna kuthandiza asayansi a m'maiko osauka.

Pobwerera, munthu amaphunzitsa, kuyang'anira ophunzira, kulemba zomwe wapeza ndi kusaka ndalama zofufuzira. Mafunso akumudikira kuno ndi ambiri: mapaipi a mijigo omwe amadyeka ndi madzi amchere kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndi fumbi lomatirira pa masola m'chilimwe n'kuchepetsa magetsi. Zoyeza zina za mafunso amenewa zimatheka ndi zipangizo zotsika mtengo konkuno, zotsalazo n'kutumiza kwa anzathu okhala ndi makina aakulu.