Malamulo a pa intaneti ndi ana athu: mafunso ndi mayankho kwa makolo a kuno kum'mawa

Foni yafika paliponse, kuyambira ku Kapata ndi ku Mchini mpaka kumidzi ya ku Chadiza ndi ku Lundazi, ndipo pakhomo pambiri amene amaidziwa bwino ndi mwana osati kholo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka anthu akamva kuti boma la Zambia linakhwimitsa malamulo a pa intaneti.

Kodi lamulo lake ndi liti, popeza timamva maina osiyanasiyana?

Loyamba linabwera mu 2021, m'nthawi ya pulezidenti Edgar Lungu, ndipo linkatchedwa Cyber Security and Cyber Crimes Act. Mu Epulo 2025 pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri olowa m'malo mwa lakalelo. Cyber Security Act ndi loona za chitetezo cha makompyuta ndi mauthenga m'dziko, ndipo linakhazikitsa bungwe la Zambia Cyber Security Agency. Cyber Crimes Act ndilo limatchula milandu ndi zilango zake. Kholo liyenera kudziwanso Children's Code Act ya 2022, imene inasonkhanitsa pamodzi malamulo okhudza ana.

Ine ndili ndi kafoni ka mabatani basi. Zikundikhudza bwanji?

Zikukukhudzani kwambiri. Akuba ambiri kuno safuna kompyuta, amangofuna nambala yanu. Uthenga uja woti "tumizani ndalama ija pa nambala iyi", kapena munthu woimba n'kunena kuti ndi wa ku Airtel kapena MTN ndipo akufuna PIN yanu kuti akonze akaunti, ndi umbava umene lamulo likunena. Amachuluka nthawi yogulitsa chimanga, soya ndi mtedza, chifukwa amadziwa kuti m'mafoni a alimi muli ndalama. Ena amanamizira kuti akulembetsa anthu pa FISP (thandizo la boma la feteleza ndi mbewu) kapena pa Social Cash Transfer (ndalama za boma zothandiza osowa). Palibe wantchito weniweni wa kampani ya foni, banki kapena boma amene amafunsa PIN.

Chinanso, SIM iliyonse imalembetsedwa pa NRC (reji) ya munthu. Mukabwereketsa reji yanu kuti wina alembetsere SIM, tsiku limene nambalayo idzabera munthu apolisi adzayambira pakhomo panu.

Andibera kale. Ndithamangire kuti?

Imbirani kampani yanu ya foni nthawi yomweyo, chifukwa ndalama zikakhala kuti sizinatapidwe pamakhala mwayi woziimitsa. Uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita musaufafanize. Muli nambala, nthawi ndi chizindikiro cha malipirowo. Kenako kalembetseni nkhaniyo ku polisi. Nambala ya wakubayo mutha kuinenanso kwa ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, poimba *707#, ngakhale pamene sanakubereni, kuti aitseke asanapweteke wina. Si ndalama zonse zimabwerera, makamaka mukachedwa ndi manyazi.

Apolisi amawagwiradi anthu amenewa?

Nthawi zina amawagwira, ndipo pamlingo waukulu. Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission, bungwe lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, pamodzi ndi apolisi anathyola gulu lina ku Roma mu Lusaka. Anagwira anthu 77 ndi ma SIM oposa 13,000. Otsogolera gululo, ambiri mwa iwo ochokera ku China, anagamulidwa mu Juni chaka chomwecho kukhala m'ndende zaka zapakati pa 7 ndi 11. Chimene chimandikhudza mtima pa nkhaniyi n'chakuti amene ankatumiza mauthenga achinyengowo anali achinyamata a m'Zambia muno amene analembedwa ngati antchito oyankha mafoni. Mwana wanu womaliza sukulu akauzidwa kuti kuli ntchito ku Lusaka yongocheza ndi anthu pa WhatsApp pogwiritsa ntchito dzina la munthu wina, mumufunse bwino asanakwere basi.

Milandu ing'onoing'ono imayenda pang'onopang'ono, makamaka wakubayo akakhala kutsidya kwa Mwami, popeza apolisi athu sangangolowa m'Malawi kukagwira munthu popanda kudzera kwa anzawo a kumeneko.

Ponena za ana, lamulo likuletsa chiyani kwenikweni?

Likuletsa kujambula, kusunga, kugulitsa kapena kutumiza chithunzi kapena kanema wolaula wa mwana. Likuletsanso munthu wamkulu kunyengerera mwana kudzera pa foni ndi cholinga chogona naye, ngakhale asanakumane maso ndi maso. Apa ndi pamene makolo ambiri sadziwa: mlandu umayamba pa mauthenga, sudikira kuti mwana agwiriridwe. Akafika pogona ndi mwana wosakwana zaka 16, Penal Code imanena kuti chilango chochepetsetsa ndi zaka 15 m'ndende, ndipo chitha kufika moyo wonse.

Onyengerera ana sayamba ndi mawu oipa. Amayamba ndi kafoni ka mphatso, thokotaimu, mabandulo, ndalama ya sopo, ndi mawu akuti "iwe ndiwe wamkulu, makolo ako sakumvetsa". Pakapita masabata amapempha chithunzi chimodzi. Akachilandira amasintha nkhope: "ukakana nditumiza kwa anzako a m'kalasi ndi kwa abusa." Anyamata nawonso amagwidwa motere, kawirikawiri ndi akaunti yonamizira kukhala mtsikana, kenako amauzidwa kulipira ndalama.

Ndapeza mauthenga otere m'foni ya mwana wanga. Nditani?

Pa mafunso onse ili ndilo lalikulu, chifukwa milandu yambiri imafera m'nyumba usiku woyamba. Kholo limakwiya, limamenya mwana, limafafaniza zonse kapena kuswa foni, ndipo pofika m'mawa umboni kulibe, mwana watseka pakamwa, wolakwayo ali phee kufunafuna mwana wina.

Mkwiyowo ndi womveka, koma muubweze kaye. Mwanayo ndiye walakwiridwa, ngakhale atakhala kuti chithunzicho anatumiza yekha, ndipo afunika kumva zimenezi kuchokera pakamwa panu asanamve china chilichonse. Ana ena afika podzipha chifukwa choopa kuti makolo adziwa. Mukamuuza kuti "wachita bwino kundiuza, tithana nazo limodzi", mwamuchotsa m'manja mwa womuopsezayo, popeza mphamvu yake yonse inali pa chinsinsi.

Foni muisiye momwe ilili. Lembani papepala nambala ya munthuyo, dzina limene akugwiritsa ntchito pa Facebook, TikTok kapena WhatsApp, ndi masiku amene analemba. Zithunzizo musazitumize ku foni yanu kapena kwa abale kuti "aone", chifukwa kutero ndi kufalitsa. Musamuimbire munthuyo kumutukwana, mungomuchenjeza kuti ataye SIM. Musalipire chilichonse, wolipidwa kamodzi amabweranso. Tengani foniyo mupite nayo ku polisi mukafunse a Victim Support Unit, amene ntchito yawo ndi nkhani za ana ndi amayi. Ngati mwana anakumana kale ndi munthuyo, pitani kuchipatala msanga, asanapite maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito mkati mwa nthawi imeneyi.

Ngati polisi ili kutali, kapena simukudziwa poyambira, imbani 116. Ndi nambala ya Childline, yaulere, ndipo mwana atha kuimba yekha. Nambala ya 933 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi.

Wochita zimenezi ndi wachibale, kapena mphunzitsi. Sitingangokambirana kwa anyakwawa?

Ayi. Mafumu athu amaweruza bwino za malire a munda ndi mikangano ya m'banja, koma mlandu wogona ndi mwana kapena womujambula zolaula ndi wa boma, ndipo mbuzi kapena ng'ombe siutseka. Ndimadziwa kulemera kwake pamene wolakwayo ndi amalume amene amalipirira mwana zofunika kusukulu. Komabe banja likalandira chindapusa, mwana amaphunzira kuti thupi lake lili ndi mtengo, ndipo wolakwayo amaphunzira kuti mtengowo angaukwanitse. Chithunzi nachonso sichimva za mgwirizano wa pabwalo. Chimakhalabe m'foni mwake. Anyakwawa anzeru amaperekeza banja ku polisi.

Nanga mwana wanga ndiye anatumiza chithunzi cha mnzake wa kusukulu. Amangidwa?

Nkhaniyo ndi yaikulu ndipo musaichepetse. Mwana wosakwana zaka 12 sazengedwa mlandu. Wopitirira pamenepo atha kuyankha, koma Children's Code Act imafuna kuti aweruzidwe ngati mwana, kholo ndi a zachisamaliro cha anthu alipo, ndipo imalola njira zomuwongolera kunja kwa ndende pamene mlandu ukulola. Ngati mulibe ndalama ya loya, funsani a Legal Aid Board. Ndipo musaiwale mwana winayo, amene akuopa kupita kusukulu chifukwa cha mwana wanu.

Kanema wa mwana wafika pa gulu lathu la WhatsApp. Ndikatumiza kwa ena kuti achenjere, ndalakwa?

Mwalakwa, ngakhale cholinga chikhale chabwino chotani. Aliyense wotumiza akuwonjezera anthu oona manyazi a mwanayo. Nenani ku polisi kapena pa 116, muuze woyang'anira gulu achotse, ndipo mugwiritse ntchito batani lonenera zoipa limene lili mu pulogalamuyo.

Kodi n'zoona kuti tsopano boma limamvetsera mafoni athu?

Nkhawa imeneyi si yongopeka. Cyber Security Act imalamula makampani a foni kukhala ndi zipangizo zothandiza kutchera mauthenga, ndipo bungwe lija la Zambia Cyber Security Agency lili pansi pa ofesi ya pulezidenti. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia ndi mabungwe a atolankhani anadandaula kuti mawu ena m'malamulowa ndi otambalala kwambiri, ndipo ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka inachenjeza nzika zake za lamuloli mu Epulo 2025. Boma linayankha kuti palibe kumvetsera popanda chilolezo cha khoti. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri ziyenera kugwiridwa pamodzi. Mphamvu yotsata nambala ndiyo imagwiritsa wonyengerera mwana, koma mphamvu yomweyo ikatembenukira kwa wodandaula za mtengo wa ufa pa Facebook, anthu adzayamba kuopa polisi, ndipo kholo loopa polisi silidzapitako ndi foni ya mwana. N'chifukwa chake tiyenera kufunsa aphungu athu ndi kutsatira zimene makhoti azigamula.

Kunyoza pulezidenti kunachotsedwa pa milandu mu Disembala 2022, koma kuopseza munthu, kumuzunza ndi mauthenga kapena kufalitsa mawu odanitsa mitundu kudakali mlandu.

Mwana ayambe liti kukhala ndi foni yake?

Lamulo silitchula zaka. Facebook, TikTok ndi WhatsApp amati wogwiritsa ntchito akhale ndi zaka 13 kapena kuposa, ngakhale ana amangonama tsiku lobadwa. Kumulanda foni kotheratu sikuthandiza kwenikweni, amakabwereka ya mnzake kumene inu simuona. Chothandiza n'chakuti foni izigona m'chipinda cha makolo usiku, akaunti yake ikhale yotseka kuti alendo asamulembere, ndipo muzimufunsa modekha kumene achokera mabandulo amene inu simunagule. Ngati simudziwa kuwerenga kapena kutsegula mapulogalamuwa, pemphani mkulu wake, azakhali ake kapena mphunzitsi amene mumamukhulupirira kuti azikhala nanu pansi muziyang'ana pamodzi, mwanayo ali pompo.